Masiku atatu ku Indianapolis ndi matauni oyandikana nawo: mmene mungakonzere ulendo

Anthu ambiri amene amapita kukayenda ku Indianapolis, likulu la chigawo cha Indiana ku America, amabwerako ataona msewu wokhawokha. Wina amafika pa nyumba ya malamulo Lamulungu n'kupeza zitseko zili zotseka. Wina amalemba "Nashville" pa foni n'kuyamba kulondola njira ya ku Tennessee, ulendo wa maola oposa anayi, pomwe Nashville wa ku Indiana amene amamufuna ali pamtunda wa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Wochokera ku Chicago amafika mochedwa ndi ola lathunthu chifukwa sanadziwe kuti nthawi imasintha panjira. Zonsezi zimakonzedwa muli pakhomo, musanakwere galimoto.

Malangizowa ndi a munthu amene ali kale ku America, kaya ndi wophunzira, wapantchito, kapena walandira makolo kuchokera kumudzi ndipo akufuna kuwaonetsa malo. Kuchokera ku South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri, ndi makilomita pafupifupi 240 pa msewu wa US 31, maola awiri ndi theka. Kuchokera ku Chicago ndi pafupifupi makilomita 290 pa I-65, maola atatu. Matauni amene tikambe ndi Columbus, Nashville ndi Bloomington, onse kummwera kwa likululi.

Zofunika kukhala nazo

- Pasipoti kapena chitupa china chokhala ndi chithunzi. Kuhotela ndi kohaya galimoto adzachifuna.
- Laisensi yoyendetsera galimoto. Ngati ndi yakumudzi, khalaninso ndi chiphaso chololeza kuyendetsa kumayiko ena, chimene chimatengedwa kwanu musananyamuke.
- Khadi la ngongole la ku banki, lolembedwa dzina la woyendetsa. Khadi lotapira ndalama zanu zokha makampani ena ohayitsa galimoto amalikana kapena amafuna mapepala owonjezera.
- Madola pang'ono m'thumba, makamaka a 1 ndi a 5.
- Foni, tchaja cha m'galimoto, ndi kachipangizo komangirira foni pa dashibodi.
- Adaputa. Mapulagi a mano atatu akuluakulu a ku Malawi salowa m'masoketi a ku America, ndipo magetsi ake ndi a mavoti 120.
- Nsapato zoyendera pansi, jekete lamvula, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi chijasi chokhuthala, chipewa ndi magolovesi.
- Mpando wa m'galimoto wa mwana aliyense wosakwana zaka 8. Ndi lamulo la Indiana.
- Pepala limodzi lolembapo maadiresi ndi nthawi, kuti batire likatha musasowe kolowera.

Gawo 1: Sankhani masiku musanasankhe malo

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuwonongekera. Nyumba ya malamulo imagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso sizitsegula Lolemba, zina mpaka Lachiwiri lomwe. Choncho masiku abwino ndi Lachitatu mpaka Lachisanu, kapena Lachinayi mpaka Loweruka. Amene amapuma kumapeto kwa sabata kokha apemphe Lachisanu kuntchito, ndipo tsiku limenelo likhale la mkati mwa mzinda.

Kenako onani ngati masiku anuwo sakugundana ndi zochitika zimene zimadzaza mahotela:

- Mpikisano wa magalimoto wa Indianapolis 500, Lamulungu la kumapeto kwa Meyi, tsiku la Memorial Day lisanafike. Sabata imeneyo malo ogona amasowa ndipo mitengo imakwera koopsa.
- Msonkhano wa masewera wa Gen Con, kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti.
- Masiku amene timu ya mpira wa ku America ya Colts ikusewera pa Lucas Oil Stadium, kuyambira Sepitembala mpaka Januwale.
- Ku Bloomington, Loweruka limene timu ya yunivesite ikusewera pakhomo, ndiponso masiku a mwambo wa omaliza maphunziro mu Meyi.
- Ku Nashville, Loweruka ndi Lamulungu lililonse la Okutobala, pamene masamba a mitengo afiira. Msewu umadzaza mpaka magalimoto kumangokwawa.

Kutalika kwa tsiku nakonso kukuuzani kuchuluka kwa zimene mungaone. Mu Juni dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku. Mu Disembala limatuluka cha m'ma 8 m'mawa n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5. Ndondomeko imene ikukwana bwino mu Juni siingakwane mu Disembala.

Chenjezo: Indianapolis, South Bend ndi matauni atatu aja ali m'nthawi ya Eastern. Chicago ndi dera la Gary ali m'nthawi ya Central, imene ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Mukanyamuka ku Chicago 8 koloko, mufika ku Indianapolis cha m'ma 12 koloko, osati 11. Poimbira foni kumudzi, Malawi ali patsogolo ndi maola 6 kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 7 miyezi yotsalayo.

Gawo 2: Gonani malo amodzi usiku wonse uwiri

Kusamuka hotela tsiku lililonse kumadya nthawi. Mahotela ambiri amapereka chipinda 3 kapena 4 koloko masana n'kufuna kuti mutuluke 11 kapena 12 koloko, ndiye maola apakatiwo mumangoyenda ndi zikwama. Matauni onse atatu ali pafupi moti mukhoza kupita n'kubwerera tsiku lomwelo.

Mukagona pakati pa mzinda, tsiku loyamba muyenda pansi osafuna galimoto, koma mahotela akumeneko amalipiritsa malo oimikapo galimoto usiku uliwonse, ndipo ndalama imeneyi sioneka pa mtengo wa chipinda. Mukagona kunja pang'ono, m'mbali mwa msewu wa I-465 umene umazungulira mzinda wonse, kapena ku Greenwood chakummwera, kuimika galimoto nthawi zambiri n'kwaulere ndipo I-65 ili pakhomo. Amene abwera ndi galimoto yawo komanso ana, kunjaku n'kwabwino. Amene abwera pa ndege kapena pa basi agone pakati pa mzinda, galimoto adzahaye tsiku lachiwiri.

Mtengo umene mukuuona pa intaneti si umene mudzalipire. Ku Indianapolis misonkho ya chipinda cha hotela imakwana 17 peresenti, choncho chipinda cha madola 150 chimafika madola 175.50. Pofika adzatsekeranso ndalama ina pa khadi lanu ngati dipoziti, imene imabwerera patapita masiku angapo. Ngati khadilo ndi lomwe mukudyera, siyanimo ndalama yokwanira.

Gawo 3: Konzani mayendedwe

Bwalo la ndege la Indianapolis lili kummwera chakumadzulo kwa mzinda, mphindi pafupifupi 20 pa galimoto. Basi ya IndyGo ya Route 8 imachoka pabwalopo kukafika pakati pa mzinda. Mkati mwa mzinda muli basi ya Red Line, imene imayenda kuchokera ku Broad Ripple kumpoto, kudutsa pakati, mpaka ku University of Indianapolis kummwera. Sitima ya Amtrak yotchedwa Cardinal imadutsa katatu kokha pa sabata, ndipo imafika pakati pa usiku kapena mbandakucha, choncho musaidalire pa ulendo wa masiku atatu.

Ku Columbus ndi ku Nashville mufunika galimoto. Kuno kulibe minibasi zoima paliponse. Uber ikhoza kukakusiyani ku Nashville, koma yobwerera nayo ingakusoweni.

Pohaya galimoto:

1. Bukitsani pasadakhale, ndipo onani nthawi imene ofesiyo imatseka. Maofesi a m'tauni ambiri amatseka msanga Loweruka ndipo Lamulungu satsegula. A pabwalo la ndege amachedwa kutseka koma amawonjezera ndalama zina.
2. Wosakwana zaka 25 amalipira ndalama yapadera tsiku lililonse.
3. Aliyense amene adzagwire chiwongolero alembedwe pa pepala la mgwirizano. Wosalembedwa akachita ngozi, inshuwalansi ikhoza kukana.
4. Musanachoke, jambulani galimoto mbali zonse zinayi, matayala, galasi lakutsogolo, ndi geji ya mafuta.
5. Bwezani thanki ili yodzaza, risiti ya mafuta ili m'manja.

Pa filing'i mumathira nokha, ndipo mumayamba mwalipira. Makina akafunsa nambala ya ZIP (nambala ya positi ya dera limene mumakhala ku America) koma khadi lanu ndi lakunja, lowani m'shopu, tchulani nambala ya pampu ndi ndalama imene mukufuna kuthira. Mafuta amagulitsidwa pa galoni, imene ndi malita 3.8.

Gawo 4: Kumbukirani malamulo amene amasiyana ndi akwathu

Kuti kuno amayenda kumanja aliyense amadziwa. Vuto limabwera pokhota, makamaka potuluka pa filing'i kapena pa msewu wopanda magalimoto ena, pamene dzanja limabwerera ku chizolowezi. Woyendetsa azikhala mbali ya mzere wapakati nthawi zonse. Pa raundabauti mumalowera kumanja n'kupatsa mpata ochokera kumanzere, mosemphana ndi kwathu. Mukapita ku Carmel, kumpoto kwa mzinda, mudzakumana ndi maraundabauti oposa 150.

Basi yachikasu ya ana asukulu ikaima n'kutulutsa chikwangwani cha STOP, magetsi ofiira akuthwanima, imani, ngakhale mukuchokera mbali inayo. Opitirira ndi okhawo ali tsidya lina la msewu wogawidwa ndi khoma kapena kapinga pakati. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa n'koletsedwa ku Indiana kuyambira Julayi 2020. Pa maloboti ofiira mukhoza kukhotera kumanja mutaima kaye, kupatula pamene pali chikwangwani cha NO TURN ON RED, ndipo pakati pa Indianapolis zikwangwani zimenezi zilipo zambiri. Pa mphambano pamene mbali zonse zili ndi STOP, woyamba kufika ndiye woyamba kudutsa. Manambala a liwiro ali m'mamailosi: 70 ndi makilomita 113 pa ola.

Wapolisi akayatsa magetsi kumbuyo kwanu, patukirani kumanja, tsitsani galasi, manja akhale pa chiwongolero. Musatuluke m'galimoto kukamulonjera.

Gawo 5: Tsiku loyamba, pakati pa mzinda wapansi

Maadiresi a mzindawu amawerengedwa kuchokera pa misewu iwiri. Meridian Street imagawa kummawa ndi kumadzulo, Washington Street imagawa kumpoto ndi kummwera. Chilembo cha W, E, N kapena S pa adiresi musachisiye. 200 W. Washington Street ndi nyumba ya malamulo, 200 E. Washington Street ndi malo ena.

Yambirani pa Monument Circle. Pakati pake pali chipilala cha Soldiers and Sailors Monument, chotalika mamita pafupifupi 87, chimene anachitsegulira mu 1902. Masiku amene pamwamba pake n'potsegula mukhoza kukwera masitepe oposa 300 kapena kulipira kandalama kochepa ka chikepe. Mukaima chakumadzulo kwa chipilalacho n'kuyang'ana mu Market Street, denga lobiriwira lozungulira limene likutsekereza msewu kutsogoloko ndiyo Indiana Statehouse, nyumba ya malamulo ija. Ndi mphindi zisanu wapansi.

Nyumbayi anaimaliza mu 1888 ndipo muli ofesi ya bwanamkubwa, zipinda ziwiri za aphungu, china cha anthu 100 china cha 50, ndi khoti lalikulu la chigawochi. Kulowa n'kwaulere. Pakhomo pali makina ofufuza zitsulo ngati a pabwalo la ndege, choncho kampeni ka m'thumba kasiyeni kuhotela. Mukalowa pitani pakati penipeni n'kuyang'ana kumwamba: denga la magalasi amitundumitundu limene limagwetsera kuwala pansi ndi chimene ambiri amachijambula. Funsani ku ofesi ya alendo nthawi imene wotsogolera ayambe kuonetsa anthu. Ndi iye mudzalowa m'zipinda zimene nokha mukanangozidutsa. Ofuna kuona aphungu akukambirana abwere kuyambira Januwale. Zokambiranazo zimatha pakati pa Malichi m'zaka zothera ndi nambala yogawika pawiri, ndi kumapeto kwa Epulo m'zaka zinazo. Ikani ola limodzi ndi theka.

Masana pitirirani kumadzulo, ku White River State Park. Kumeneko kuli Indiana State Museum, imene khoma lake lakunja lili ndi zosema zoimira maboma onse 92 a chigawochi, ndi Eiteljorg Museum, yosunga zaluso za eni nthaka a ku America. Sankhani imodzi. Kulowa zonse ziwiri masana amodzi n'kungothamanga m'makonde. Mukatuluka tsikirani ku Canal Walk, njira ya m'mbali mwa ngalande, imene kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 5. Chakumpoto kwake mudzadutsa pafupi ndi Indiana Avenue, kumene kuli Madam Walker Legacy Center, nyumba ya mu 1927 yokumbukira Madam C. J. Walker, mayi wachikuda amene analemera ndi bizinesi ya mafuta a tsitsi atasamukira mumzindawu mu 1910.

Ngati muli ndi achikulire, dulani ngalandeyo pakati. Tsikuli lonse limakwana makilomita 6 mpaka 8 wapansi.

Chenjezo: Lachisanu 11 koloko m'mawa mukhoza kumva masaireni akulira mzinda wonse kunja kuli ngwee. Amakhala akuwayesa. Koma akalira kunja kutada, makamaka kuyambira Epulo mpaka Juni, kapena foni ikalemba "Tornado Warning", lowani m'nyumba yolimba, chipinda chapansi, kutali ndi mawindo. "Tornado Watch" ndi kungokuchenjezani kuti kavuluvu wamkuluyo akhoza kubwera. Nambala ya ngozi ndi 911.

Gawo 6: Tsiku lachiwiri, Columbus, Nashville ndi Bloomington

Usiku wake lembani malo onse pa mapu a foni ndipo pa dzina lililonse muwonjezere "Indiana". Izi si zamasewera. Columbus wina ndi likulu la Ohio, makilomita pafupifupi 280 kummawa. Bloomington wina ali ku Illinois. Nashville wa ku Tennessee ndiye wosocheretsa kwambiri, chifukwa njira yake imayambanso ndi I-65 yomweyo kulowera kummwera, ndiye mukhoza kuyenda ola lathunthu musanazindikire. Foni ikaonetsa maola oposa awiri, mwalemba tauni yolakwika. Sungani mapuwo m'foni kuti azigwira popanda intaneti, chifukwa m'mapiri a Brown County netiweki imadukaduka.

Njira yake ndi yozungulira: I-65 mpaka Columbus, makilomita pafupifupi 72, State Road 46 kulowera kumadzulo mpaka Nashville, pafupifupi 30, msewu womwewo mpaka Bloomington, 30 ena, kenako I-69 kubwerera ku Indianapolis, pafupifupi 80. Zonse pamodzi ndi makilomita oposa 210, maola atatu oyendetsa osaima. Galimoto yaing'ono imamwa magaloni anayi kapena asanu.

Zungulirani motere, osati mobwerera. Ku Columbus n'kumene kuli zinthu za nthawi yoikika, ndiye kufunika m'mawa. State Road 46 ndi msewu wokhotakhota wodutsa m'nkhalango, wofunika kuwala. I-69 ndi yotakata, yosavuta usiku. Matauni onse atatu tsiku limodzi amatheka kuyambira Meyi mpaka Sepitembala mukanyamuka 8 koloko. Miyezi yozizira sankhani awiri.

Columbus, 9 koloko mpaka 12 koloko. Katauni aka kamadziwika ndi nyumba zojambulidwa ndi akatswiri otchuka, chifukwa kampani ya mainjini ya Cummins, motsogozedwa ndi J. Irwin Miller, inkalipira akatswiriwo kuti ajambule masukulu ndi nyumba zina za boma. Imikani galimoto pafupi ndi Visitors Center, ofesi ya alendo, pa Fifth Street ndipo tengani mapu apepala. Pomwepo pali laibulale ya Cleo Rogers ya mu 1969, yojambulidwa ndi I. M. Pei, ndipo pabwalo lake pali chosema chachikulu chamkuwa cha Henry Moore chotchedwa Large Arch, chimene munthu amadutsa pansi pake. Tsidya la msewu pali First Christian Church ya mu 1942, ya Eliel Saarinen, ndi nsanja yake yayitali yamakona anayi. Nyumba imene inali tchalitchi cha North Christian Church, ya mu 1964, ya mwana wake Eero Saarinen, ili kumpoto kwa tauni, mphindi zochepa pa galimoto. Miller House ya mu 1957, nyumba imene ankakhalamo J. Irwin Miller, simungangofikapo: ulendo wake umayambira ku Visitors Center, malo ndi ochepa, amabukitsa masabata angapo pasadakhale, ndipo ana aang'ono saloledwa. Amene ali ndi ana akawagulire ayisikilimu ku Zaharakos pa Washington Street, shopu imene inatsegulidwa mu 1900.

Nashville ndi Brown County State Park, hafu pasiti 12 mpaka hafu pasiti 3. Nashville ndi misewu yochepa ya timashopu ta zaluso ndi malo odyera, ndipo ola limodzi likukwanirani kudya ndi kuzungulira. Nthawi yotsalayo ipite ku paki, imene ndi yaikulu kuposa mapaki onse a chigawochi, maekala pafupifupi 16,000. Pageti amalipiritsa pa galimoto, osati pa munthu, ndipo galimoto ya nambala yakunja kwa Indiana imalipira zambiri. Yahayala ikhoza kukhala ndi nambala ya chigawo china, musadabwe. Geti lakumpoto limadutsa pa mlatho wakale wamatabwa wofoleredwa, umene sulola galimoto yotalika kuposa mafiti 9 kapena yolemera kuposa matani atatu. Amene ali pa galimoto yaikulu alowere geti lakumadzulo. Mkati mwake msewu uli ndi malo oimapo n'kuona zitunda zitandandalikana mpaka kutali, ndiye ngakhale agogo osatha kuyenda aona zambiri ali pafupi ndi galimoto.

Oyenda m'tinjira ta m'nkhalango nthawi yotentha avale thalauza lalitali, ndipo madzulo adzifufuze nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'tsitsi. Pali chomera chotchedwa poison ivy, cha masamba atatuatatu pa kamtengo kamodzi, chimene chimayabwa kuposa chitedze ndipo matuza ake amatenga masabata. Mukachikhudza sambani ndi sopo msangamsanga. Ana asathyole masamba.

Bloomington, 4 koloko mpaka madzulo. Kuno n'kwawo kwa Indiana University, imene inakhazikitsidwa mu 1820. Dr. Hastings Kamuzu Banda anaphunzirapo pano atachoka ku Wilberforce ku Ohio, asanapite ku University of Chicago kumene anamaliza mu 1931. Imikani galimoto m'garaja ya mzinda pafupi ndi khoti la Monroe County, lija lili ndi nsomba yachitsulo pamwamba pa denga. Malo ambiri oimikapo mkati mwa yunivesite ndi a okhala ndi chilolezo, ndipo mukaimapo mupeza chindapusa pa galasi. Yendani wapansi mu Kirkwood Avenue mpaka pa Sample Gates, chipata cha miyala yoyera, n'kulowa m'dera lakale la sukuluyi. Eskenazi Museum of Art ndi Lilly Library kulowa n'kwaulere, koma zimatseka cha m'ma 5 koloko masiku ambiri, choncho ofuna kulowamo afupikitse za ku paki. Chakudya chamadzulo mudye pa Fourth Street, pamene nyumba zakale zinasanduka malo odyera zakudya za mayiko osiyanasiyana.

Chenjezo: chakumadzulo ndi mbandakucha agwape amadumphira mumsewu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Mukaona mmodzi, ena ali m'mbuyo mwake. Pondani buleki molunjika, musakhotetse chiwongolero.

Gawo 7: Tsiku lachitatu, chinthu chimodzi chachikulu ndi kubwerera

Tulukani m'hotela m'mawa, zikwama zilowe m'buti osati pampando poonekera. Ndiye sankhani chimodzi mwa ziwirizi.

Okhala ndi ana apite ku Children's Museum of Indianapolis pa 3000 N. Meridian Street, yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtundu wake padziko lonse. Mudzaizindikira ndi zinyama zakale zikuluzikulu zimene zikuoneka ngati zikuboola khoma. Matikiti amatsika mtengo mukagula pa intaneti masiku angapo m'mbuyo, ndipo garaja yake ndi yaulere. Maola anayi amatha osadziwa.

Okonda magalimoto apite ku Indianapolis Motor Speedway, makilomita pafupifupi 10 kumadzulo. Bwaloli linatsegulidwa mu 1909 ndipo kuzungulira kamodzi ndi makilomita 4. Nyumba yosungiramo magalimoto ampikisano ili mkati mwa bwalo lenilenilo, ndipo mumalowera pa Gate 2 ku 16th Street, kudutsa pansi pa msewu wa mpikisano. Masiku amene magalimoto akuyeserera, basi yozungulira alendo pabwalo siyenda, ndiye onani kalendala yawo musanapite.

Pakatsala theka la ola, imani pa Dr. Martin Luther King Jr. Park, kumpoto pang'ono kwa pakati pa mzinda. Pamenepa ndi pamene seneta Robert F. Kennedy anauza khamu la anthu, ambiri mwa iwo achikuda, pa 4 Epulo 1968 kuti King waphedwa. Chikumbutso chake ndi anthu awiriwo atatuluka m'makoma achitsulo, atatambasulirana manja pamwamba pa kanjira kamene inu mukudutsa.

Ofuna ufa woyera, nsomba zouma ndi zina zakwathu adutse dera la Lafayette Road ndi 38th Street, kumene kuli mashopu a anthu ochokera kumayiko ena, kuphatikizapo shopu yaikulu ya zakudya ya Saraga. Kuchokera ku Speedway m'pafupi.

Gawo 8: Werengani ndalama ndi misonkho yomwe

Mtengo wolembedwa pa katundu ulibe msonkho. Ku Indiana amawonjezera 7 peresenti patilo, ndipo chakudya cha m'lesitilanti ku Indianapolis ndi 9 peresenti. Kumene mwakhala pansi n'kukubweretserani chakudya, siyani kangachepe ka 15 mpaka 20 peresenti, chifukwa malipiro a operekera zakudya amadalira pamenepo. Mbale ya madola 20 muziiwerengera 25 kapena 26. Pa pepala lanu lembani mizere iyi: chipinda usiku uwiri ndi msonkho wake, koimika galimoto, hayala ndi inshuwalansi, mafuta, chakudya katatu pa tsiku pa munthu, matikiti, geti la paki. Ochokera ku Chicago kudzera pa Skyway kapena Indiana Toll Road awonjezere ya pa zipata zolipiritsa. I-65, I-69 ndi US 31 m'njira zimene tatchulazi n'zaulere.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyamba kuzungulira ndi Bloomington. Anthu amatero chifukwa ndi dzina limene amalidziwa, ndiye amafika ku Columbus Visitors Center itatseka, atadutsanso State Road 46 nthawi ya agwape.

Kukhulupirira maola amene mapu a foni akuonetsa kuti malo ndi otsegula. Maola amasintha ndi nyengo ndi maholide. Onani pa tsamba la malowo, kapena imbani foni dzulo lake.

Kuiwala maholide a boma. Pa Memorial Day, pa 4 Julayi, pa Labor Day (kumayambiriro kwa Sepitembala) ndi pa Thanksgiving (kumapeto kwa Novembala) nyumba ya malamulo imakhala yotseka ngakhale ndi mkati mwa sabata.

Kuwerenga kutentha molakwika. Kuno amagwiritsa ntchito Fahrenheit. Foni ikati 32, madzi akuundana ndipo milatho imayamba kuterera msewu wonse usanayambe. Ikati 86 ndiye 30 yakwathu. Chipale chofewa chikagwa usiku, siyani za State Road 46 tsiku limenelo, pitani ku Columbus kokha pa I-65.

Kuimika galimoto pa malo a shopu kapena a nyumba za eni n'kupita kwina. Amaikoka, ndipo kukaiwombola kumadya ndalama yoposa ya chipinda cha usiku umodzi. Werengani chikwangwani cha pakhoma musanatseke chitseko, ndipo jambulani nambala ya malo amene mwaimapo m'garaja.

Kubweza galimoto yahayala mochedwa. Maola amawerengedwa kuyambira nthawi imene munaitenga, choncho mukaitenga 8 koloko m'mawa Lachisanu n'kuibweza masana Loweruka, mulipira masiku awiri athunthu. Opita ku Chicago ola lija limawabwerera panjira, koma amene akukakwera ndege ku Indianapolis achoke pakati pa mzinda kutatsala maola atatu, kuti athire mafuta, abweze galimoto ndi kudutsa pofufuza katundu.